Njoka ya mu Sitandade 6

Nkhani iyi ndinkaibisa ngakhale kwa amayi anzanga a kulimana la kutchalitchi kwathu, koma poti ana anaifalitsa kale mpaka pa Chimbiya, bola muimve kwa mwini wakene. Mawu a aliyense ndiwanena monga ndinawamvera.

Ndimaphunzitsa Sitandade 6 pasukulu ina kufupi ndi Lobi. Chaka chatha a mlangizi wa maphunziro, bambo osasekaseka, atandionerera anati, "Madamu, inu simuphunzitsa, mumalalikira. Ana azichita okha, azipanga timasewero. Ndikadzapezanso zomwezi, tidzakambirana zokusamutsani."

Kosamukirako ndinkakudziwa: kuseri kwa phiri, kumene minibasi siifika. Chonsecho amayi anga okalamba amakhala ndi ine.

Uthenga utafika woti akubwera Lachinayi, tulo tinandithawa. Ndinagawa ana m'magulu, gulu lililonse likonze sewero la chithandizo choyamba pa ngozi imene lisankhe. Sindinawafunse zomwe asankha, kuopa kulalikira. Ndinangoti, "Alendo akangokhala pansi, gulu loyamba liyambe."

China muchidziwe: sabata yomweyo amayi ophika phala anapeza mphiri mu nkhuni, kuseri kwa kalasi yathu. Ine njoka ndimaiopa ngakhale ya pachithunzi.

Lachinayi kunacha ndi chifunga, m'kalasi muli kamdima. A mlangizi anakhala kumbuyo. Ine ndinaima kutsogolo, maso ali pa cholembera chawo. Za sewero zinandichokeratu m'mutu.

Kenako Tadala, mtsikana wofatsa amene sananamepo, anakuwa, "Njoka!"

Ndinaona chinthu chakuda chikukwawa pansi pa madesiki, kulunjika mapazi anga. Mmene ndinakwerera patebulo ndi chitenje changa sindikudziwa. Chomwe ndikukumbuka n'chakuti pokwerapo china chinandibaya pakakolo.

Ndinamva wina akunong'oneza, "Yohane, dzuka, madamu atenga malo ako." Sindinazilabadire. Munthu amene akufa samvetsera zonong'ona.

"Yawaluma madamu," anatero Tadala. "Agwireni."

Manja ambirimbiri ananditsitsa n'kundigoneka pabenchi. Ndinayesa kudzuka kuti ndithawe, koma anandipanikiza.

"Musagwedezeke madamu, poizoni amathamanga ndi magazi. Munatiuza nokha."

"Kodi ndi mphiri ija?"

"Ayi madamu, iyi ndi mamba. Yayikulu."

Mwendo unayamba kuzizira. Lero ndikudziwa kuti ku Dedza kuno mu Juni mwendo uliwonse umazizira, koma nthawi imeneyo ndinati basi, poizoni wafika pabondo. Ndinayamba pemphero la Tikuoneni Maria mokweza, misozi ikutsikira m'makutu. Ndili pakati ndinakumbukira amayi.

"Tadala mwanawe, ukawauze agogo kuti mbewu ya nyemba ili pansi pa bedi, asaiphike."

"Ndikawauza, madamu. Limbani mtima, chipatala chili pafupi."

Ananyamula benchi ndi ine ndemwe. Ndinatsinzina, kupereka mzimu wanga m'manja mwa Ambuye. Ndinadabwa kuti ulendo wa kuchipatala unatha msanga, chifukwa ananditula pakona ya kalasi. Nditatsegula maso ndinaona namwino atavala chipewa cha pepala, ndipo namwinoyo anali Chikondi, amene amakhala desiki yachiwiri. Pambali pake panaima Yohane, nkhope ili gwaa chifukwa cholandidwa malo a wolumidwa m'sewero lawo, akukulunga ulusi. Kunsonga kwa ulusiwo kunali mamba ija: chubu chakale cha njinga. Chondibaya chija unali msomali wa tebulo.

Kumbuyo kunamveka kuomba m'manja.

"Madamu," anatero a mlangizi, "masukulu ndayendera ambiri, koma mphunzitsi wolowa m'sewero ndi mtima wonse chonchi sindinamuonepo. Mpaka misozi yeniyeni."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona. Kenako ndinakumbukira sukulu ya kuseri kwa phiri ija.

"Zikomo, bwana," ndinatero ndili chigonere.

"Zosamuka zija tiiwale. Koma mwezi wamawa mudzabwereze zimenezi pamaso pa aphunzitsi onse a m'zoni muno. Musasinthe kalikonse, makamaka pa nyemba paja."

Kuyambira tsiku limenelo, ndikamapempha Ambuye kuti andipulumutse, ndimatchulanso njira yake.