Che Sulaiman, Mdani wa Thewera Lonyowa

Mukafunsa za malemu Che Sulaiman ku Lifuwu kuno, palibe angakuuzeni za maukonde awo kapena mpunga umene ankalima. Aliyense angoti, "Aja a matewera aja?" Bambo wamkulu, wa ndevu zoyera, wosaphonya swala kumzikiti, koma akamva mwana akulira ankasiya chilichonse. Kulira kwa njala ankakudziwa, kwa tulo ankakudziwa, koma kwa thewera lonyowa ankakumva ngakhale ali tsidya la msewu.

Tsiku lina anaimitsa minibasi ya ku Salima itanyamuka kale.

"Mukupita kuti, madala?" anafunsa kondakitala.

"Sindikupita. Mwana ali kumbuyoyo wakhala mumkodzo kuyambira m'mawa. Amuvule."

Mayi wa mwanayo atasuzumira anapeza kuti n'zoona, ndipo anawalalatira chifukwa cha zoonazo.

Koma amene anaziona ndi Tausi, mkazi wa mwana wawo Mohamed. Mwambo sulola apongozi aamuna kukamba za matako ndi mkazi wa mwana wawo, ndiye nkhalambayo inapeza njira: inkatuma khanda. Khandalo, mdzukulu wawo Karima, linali ndi miyezi isanu.

"Iwe Karima," ankafuula ali kuseri kwa mpanda, "uwauze amayi ako kuti sopo akatsalira m'thewera amaluma. Atsukuluze katatu, ayanike padzuwa."

Tausi ankaluma mano n'kuyankha kudzera njira yomweyo. "Karima, uwauze agogo ako kuti kwathu tinabadwa asanu ndi atatu, palibe anafa ndi thewera."

Karima, mthenga wosalipidwa, ankangoyamwa chala.

Tausi atayamba kukagulitsa mpunga kumsika wa ku Salima, anapeza chipulumutso mu pampasi: mmodzi m'mawa, kudzamuvula pobwerera. Kuseri kwa mpanda kunamveka chifuwa chokonzekera ulaliki.

"Karima, uwauze kuti pampasi si nkhokwe. Akanyowa achotse, asadikire adzaze."

"Uwauze kuti akatenge nguwo akubereke okha!"

Sabata isanathe, matako a mwana anafiira psuu. Tausi sanauze munthu. Auze ndani, kuti nkhalamba ija imve n'kunyada mpaka chaka chamawa? Anathira paudala, kenako ufa wa chinangwa umene mnzake wa kumsika analumbirira, n'kumanga thewera kolimba kuti zisaoneke. Zinangoipiraipira. Khungu linasupuka, timatuza tinafalikira m'mphechepeche, ndipo mwana akakodza ankalira mpaka mawu kutha. Tausi ankathawira naye kuseri kwa khitchini kuti agogo asamve, ngati kuti makutu amenewo anabisidwapo kanthu.

Tsiku lachinayi Che Sulaiman analowa mumpanda. Anakhala pansi chapatali, nkhope italoza kwina.

"Mayi a Karima."

Tausi anadzidzimuka. Chikwatiwire anali asanamuitanepo mwachindunji.

"Amake Mohamed anamwalira iye ali ndi miyezi itatu. Ine sindinkadziwa kanthu. Ndinkamumanga nsanza, pamwamba pulasitiki, n'kumusiya kwa anthu tsiku lonse ndili kunyanja. Zilonda zinachita mafinya, anagonekedwa kuchipatala masabata awiri, ndinatsala pang'ono kumutaya. Zipsera zake zimene mumazidziwazo ndi ntchito ya manja anga."

Tausi anasowa poyang'ana. Zipserazo ankazidziwadi, koma Mohamed ankati anagwera pambaula ali mwana. Manyazi, chisoni ndi kuseka zinamugwira pamodzi, ndipo misozi ndiyo inapambana. Anamasula thewera.

Nkhalambayo inangoyang'ana kamodzi. "Madzi ofunda okha, opanda sopo. Musapukute mokhula, muzingogunditsa kansalu. Mumusiye pamkeka wosavala, mphepo imupite. Ufawo muphikire phala. Koma timatuzati Vaselini wanga sangatithe, tiyeni kuchipatala."

Anatsogola okha, Tausi kumbuyo. Anamwino anapereka mankhwala opaka, n'kubwereza ulaliki wonse wa kuseri kwa mpanda, mawu ndi mawu, mpaka Tausi anakayikira ngati sanapangane. Atatuluka anawapeza apongozi akewo pansi pa mtengo, atabwerera kale ku khalidwe lawo.

"Karima, ati chiyani adokotala?"

"Uwauze kuti ati zomwe zija," anatero Tausi. "Koma asazolowere."

Anazolowera ndithu. Mwana atachira, mauthenga anachuluka kuposa kale, ndipo Tausi anatopa nawo mpaka tsiku lomaliza.

Che Sulaiman anamwalira chaka chatha, nthawi yokolola mpunga. Masiku ano maminibasi amadutsa osaimitsidwa, ana amalira kumsika anthu n'kumangoti ndi njala. Karima akuthamanga, ndipo kumsana kwa Tausi kuli mlongo wa Karimayo wa miyezi iwiri, dzina lake Sulaiman. Tausi amanenabe kuti apongozi ake anali munthu wotopetsa, ndipo sanama.

Dzulo ankachapa pakhomo. Atafinya thewera lomaliza anatembenukira kumpanda kuja n'kukweza mawu.

"Sulaiman, uwauze agogo ako kuti ndatsukuluza katatu."

Anatchera khutu, thewera likudontha m'manja. Kenako anakaliyanika padzuwa.