Bakapu ya Ziro ndi Matumba Awiriawiri

Mpaka lero ndikamadutsa pa Nsanama ndimayenda chowerama.

Ndimagwira ntchito ya makompyuta pa kabungwe kena ka pa Nsanama kogawa mbewu ya nandolo kwa alimi. Mayina awo onse ankakhala mu seva, kompyuta yaikulu ya mu ofesi, ndipo Lachisanu lililonse ndinkapanga bakapu, kope la mayinawo losungidwa pa kadisiki kapadera poopa ngozi. Lolemba lina magetsi anabwera mwaukali n'kupsereza sevayo, kutatsala masiku anayi kuti tigawe mbewu. Popanda mayina palibe mlimi akanalandira.

Ndinalumikiza kadisiki kaja ku laputopu. Pulogalamu inalemba kuti kukula kwa bakapu ndi ziro. Ndinatuluka panja, kulowanso, kuyang'ananso: ziro yemweyo. Fayiloyo sindinaitsegule (munthu wa satifiketi ungatayenso nthawi ndi fayilo yopanda kanthu?). Abwana anga, a Makwinja, sindinawauze. Ndinatola kope ndi cholembera n'kukwera kabaza.

Masiku atatu ndinazungulira midzi ngati nkhuku yofuna poikira, kulemba alimi mmodzimmodzi. Nsapato inang'ambikira ku Nselema. Chondidabwitsa n'chakuti paliponse ankandilandira ndi nsangala, wina mpaka anandininkha chinangwa.

Mayi ena, a Nangondo, anandifunsa, "Si munatilemba kale, achimwene?"

"Eya, koma tikulembaninso, mayi."

"Ii, Mulungu akudalitseni!"

Ndinamva kukoma, chitsiru ine.

Lachinayi ndinakaulula zonse ku ofesi, fumbi mpaka m'makutu. A Makwinja anangodina fayilo ija. Mayina onse mbwee! Yonama inali pulogalamu powerenga kukula, bakapuyo inali bwinobwino.

"Simunaitsegule?"

"Iyayi, bwana."

Ndinkayesa manyazi athera pomwepo. Lachisanu alimi anafika aliyense ndi matumba awiri. Kwathu kuno kulembedwa ndiko kulandira, ndiye wolembedwa kawiri mukuti atani? A Nangondo anali kutsogolo kwa mzere.

"Ili ndi la kaundula woyamba, ili la achimwene awa," anatero akundiloza.

A Makwinja anandipatsa chimkuzamawu. "Munawalemba ndinu. Afotokozereni."

Ndinafotokoza za seva ndi ziro kwa anthu amene anali atalima kale mizere yowonjezera. Zinandiwawa, sindinama. A Nangondo anapinda thumba lachiwiri pang'onopang'ono n'kundiikira m'manja.

"Tengani, muziikamo makompyuta anuwo."

Masiku ano fayilo iliyonse ndimayamba ndaitsegula. Thumbalo lili pansi pa desiki yanga, ndipo kukalibweza ndikuopabe.