Khofi amene ndinaphikila apongozi a Taonga

Mai wina amene ankalangiza atsikana ku Luembe kumene ndinakulila anandichenjezapo kalekale kuti, "Pa kichini pate, phwando lopatsa mkwatibwi ziwiya, usadzapeleke chinthu chimene iwe mwini sunachigwilitsepo ntchito. Adzakuimika pakati pa anthu kuti uonetse." Ndinavomela ndi mutu, koma mumtima ndinati akufuna ndizigula miphika yokhayokha kuti mphatso zake ndizo zizioneka. Mau akewo ndinadzawakumbukila mwezi wathawu, nditagona chagada pa bedi la ku kiliniki, chitenge chili kumbali.

Wokwatiwa anali Taonga, mdzukulu wanga amene ndinamulela kuyambila ali kumsana. Mwamuna wake ndi a Mulenga, aphunzitsi amene anawatumiza ku Nyimba kuchokela ku Kasama. Ndi munthu waulemu (ulemuwo ndikali kuufufuza), koma sayamba tsiku asanamwe khofi. Amai ao, amene kwao amawatcha Bana Mulenga, atabwela kudzaona banja lathu pa Kacholola, anasuzumila m'khitchini yathu ya udzu nafunsa ngati Taonga adzatha kusamala mwamuna wozolowela za m'tauni. Funso limenelo linandikhala pakhosi. Ndinatsimikiza kuti ndidzapeleka mphatso yoti maiyo aone kuti mwana wanga sanakulile kutchile.

Sindinauze munthu. Ku Nyimba aliyense amandidziwa, ndiye ndinakwela minibasi mpaka ku Petauke. M'sitolo ina ya ziwiya, mwini wake anandiyalila mitundu itatu. Woyamba unali ngati kaketulo kachitsulo kotseka ndi mazinga, koika pa mbaula. Wachiwili unali kapu yaikulu ya galasi yokhala ndi kamtengo kokankhila pansi. Wachitatu unali makina akuda a magetsi, ndi jagi yake.

"Ambuya, tengani ya galasiyi," anatelo. "Sifuna malaiti. Mungothila madzi otentha, mudikile pang'ono, mukankhe. Masiku ano malaiti amabwela ngati mlendo."

"Nanga inuyo kunyumba kwanu muli ndi iti?"

"Ine ndimamwa tiyi."

Pomwepo ndinadziwa kuti ya galasiyo yamukanika kugulitsa. Ndinaloza makina a magetsi. Anati atsegule katoni ayese ndione, ndinakana. Ndikuwadziwa anthu awa, amalowa nayo kuseli n'kutuluka ndi ina yakufa. Choncho anandionetsa pa yachionetselo: madzi kumbuyo, kapepala kosefela pamwamba, masupuni atatu a khofi, kenako batani. Kunena zoona, ndinayang'ana kwambili manja ake kuposa makinawo. Ndinagulanso paketi yonyezimila ya khofi wogaya, ndipo katoni ndinaifukata pamiyendo ulendo wonse, ngakhale kondakitala anachondelela kuti aiike kumbuyo.

Kunyumba kwanga kulibe magetsi, kotelo kuyesa kunali kosatheka. Makina ndinawakulunga m'bulangete. Vuto linali paketi ija. Mpongozi wanga, amake Taonga, ali ndi maso othwa ndi pakamwa potseguka. Akanaiona, Kacholola yense akanadziwa mphatso yanga dzuwa lisanalowe. Ndiye ndinakhuthulila khofiyo m'chitini chakale cha mkaka waufa, paketi n'kuiotcha.

Apa ndiulule kanthu kena. Ine ndimakoka fodya wa m'mphuno, ndipo wambili ndimasunga m'chitini cha mkaka waufa kuopa azimai opemphapempha. Zitini zinakhala ziwili, zofanana ngati mapasa. Cha khofi ndinaika kudenga, cha fodya kunsi kwa bedi. Patapita masiku awili kunabwela mnansi kudzabweleka sefa, ndipo ndinaona maso ake akukwela kudenga. Atachoka ndinasinthanitsa zitinizo. Mlungu wotsatila mpongozi anasesa kunsi kwa bedi osamutuma, ndinasinthanso. Mwina ndinasinthanso kachitatu, sindikukumbuka bwino. (Musaseke, inunso mukalamba.) Tsiku la phwando ndinadzuka ndi chimfine chotseka mphuno zonse ziwili. Ndinatenga chitini cha kudenga ndili wotsimikiza.

Mwambo unachitikila m'holo ya tchalitchi ku Nyimba. Kwa amene sanapiteko, zimayenda chonchi: mkwatibwi amakhala pamphasa, mutu pansi, saloledwa kuyankhula kapena kuseka. Alangizi amanyamula mphatso imodziimodzi, n'kuitana mwini wake kuti afotokozele mwanayo ntchito yake, kenako avine. Titafika tinapeza malaiti kulibe. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati ndingoloza batani, ndivine pang'ono, ndikhale.

Anaitana wa mbale, wa mabeseni, wa mthiko ndi chipande. Alangizi atangonyamula katoni yanga, mababu onse anayaka. Azimai anaimba nthungululu ngati kwabadwa mwana.

"Ambuya a mwana, bwelani mutiphunzitse," anatelo alangizi. "Chinthu ichi ifenso sitinachionepo."

Anakoka waya, anabweletsa madzi. Mpongozi anafuna kundigwilila chitini, ndinamukankha ndi chigongono. Ndinathila madzi kumbuyo, kapepala pamwamba, masupuni atatu. Poona kuti anthu ndi ambili ndinaonjezela awili. Ndinadina batani. Makina anayamba kulila ngati m'mimba mwa munthu wanjala, ndipo madzi akuda bii anayamba kudontha m'jagi. Ndinayang'ana Bana Mulenga pa mpando wao wakutsogolo, anali atatukula nsidze. Ndinadziuza kuti lelo ndawagwila.

Mai wina pa benchi loyamba anayetsemula. Kenako wina.

"Khofi wa ku Petauke ngwamphamvu," anatelo wachitatu, akupukuta misozi.

Ndinamva kanthu kakunditsina pa kakolo. Anali Taonga, mutu ukali pansi, milomo yokha ikugwedela.

"Ambuya, ndi fodya."

"Khala chete, akuona."

"Ndakulila m'fungo limeneli, ambuya. Ndi fodya wanu."

Ndikuvomela pamaso panu kuti poyamba ndinaganiza kuti amake amutuma kuti andisokoneze. Ndinasuzumila m'chitini. Ufa unali wosalala kwambili, wopanda timibulu timene ndinaona tsiku lokhuthula paketi. Pamene ndinkadzutsa mutu, alangizi anali atathila kale m'kapu, aika pa kambale, agwada pamaso pa Bana Mulenga.

Panali njila ziwili. Kunena pamaso pa azimai a matchalitchi atatu kuti ambuya a mkwatibwi aphikila apongozi fodya, kapena kuwasiya amwe, agwe, banja la Taonga lithele pamphasa pomwepo. Kapu inali itafika pachifuwa pao. Sindidziwa kuti liwilo ndinalitenga kuti.

"Pepani amai," ndinatelo, ndikuwalanda kapu. "Kwathu wophika amayamba walawa, kuti mlendo amwe mtima uli m'malo."

Azimai anavomeleza kuti ndi mwambo ndithu. Nzelu yanga inali yoti ndingonyowetsa milomo, kenako kapu indipulumuke. Koma maso onse anali pakhosi panga, ndipo Bana Mulenga anali kudikila kuti aone ndikumeza. Ndinameza. Kamodzi kokha, koma kokwanila. Kenako ndinataya kapu pansi, ndinagunda jagi ndi chiuno ngati mwangozi, zonse zinakhuthukila pa simenti.

Oimba ng'oma anayesa kuti ndayamba kuvina, anaikoleza. Ndinaponda kawili. Denga linapita kumanzele, azimai anapita kumanja, thukuta lozizila linatsika kumsana. Akuti ndinagwa mwaulemu, chammbali, koma zimene zinatuluka m'kamwa mwanga pambuyo pake zinalibe ulemu.

Ku kiliniki anesi anafunsa kuti ndadya chiyani. Ndinati sindiyankha pali anthu. Anati ngati sindinena sangadziwe mankhwala. Ndinati ayambe atchula mankhwala amene ali nao, ndisankhe ndekha. Taonga, akali m'zovala za phwando, ndiye anaulula zonse zimene ankandiona ndikuchita mobisa, zitini, denga, kunsi kwa bedi, pamaso pa amake ndi apongozi ake. Zinsinsi za zaka zambili zinathela pamenepo. Anesi anandikalipila ngati mwana, anati madzi a fodya amapha, ndiyamike kuti ndinameza pang'ono ndi kusanza msanga.

Bana Mulenga anali atakhala pambali pa bedi, chikwama chili pamiyendo. Ndinadikila kuti anene kuti akutenga mwana wao.

"Ndiye munadziwa kuti ndi fodya musanamwe?" anafunsa.

"Ndinadziwa."

"N'kumwabe?"

"Mukanamwa inu."

Anatembenukila kwa Taonga. "Ndipo iwe unayankhula pamphasa, alangizi ali pomwepo?"

"Inde amai. Pepani."

"Usapepese. M'nyumba ya mwana wanga ukaona cholakwika uzinena chomwecho." Ananyamuka nakonza chitenge changa kuti chindifunde bwino miyendo. Ali pakhomo ndinamva akuseka mpaka kutsamila khoma.

Ukwati unachitika, ine ndinaonela nditakhala pampando. Makina aja anawatsuka kanayi ndi sopo ndi mandimu, jagi anapeza ina poti ija inasweka, koma a Mulenga akuti khofi wake amawayetsemulitsabe. Pa msika ana a eni ake ayamba kunditcha Ambuya Khofi, ndiye masiku ano sindituluka kwenikweni. M'mimba simunakhazikike, ndipo chitini cha khofi weniweni sindinachipezebe. Kunsi kwa bedi kulibe. Mpongozi akuti andithandize kufuna, ndamuuza kuti ndiganize kaye.

Choncho inu amene mwawelenga izi, mukamadutsa pa Kacholola patukani mudzandione ngati ndikali moyo. Funsani nyumba ya chitseko chobiliwila kuseli kwa ogulitsa nthochi. Mubwele masana, mmodzimmodzi, ndipo muyambe kuodila muli patali. Ndidzakuphikilani tiyi. Masamba ake ndidzakulolani kuti mununkhize ndisanathile, koma chitini ndidzagwila ndine.