Sabata Imene Ndinasuntha Mudzi wa Namsole

Lolemba

Insaka, likulu la boma la Mekanyela. Ntchito ya sabata ino ndi yaing'ono, mwina ndiitha. Galimoto yobowola mijigo ifika Loweruka, ndipo bungwe lathu likufuna mapu a midzi ya anthu amene abwerera kuchokera ku Malawi. A chefe, mkulu wa ofesi, anena kawiri: mudzi umene suli pa mapu supeza mjigo, ndipo mjigo ndi wa m'dziko la Mozambiki basi.

Watsala mudzi umodzi, Namsole, m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, pafupi ndi malire.

Zida zanga:
— GPS, kamakina konga wayilesi ya m'thumba, kamene kamafunsa masetilaiti kumwamba kuti ndaima pati
— komputadori imodzi, yodzuka pokhapokha jeradori yopanga magetsi ikafuna
— mapu akale a Apwitikizi, amene ndinawalowetsa m'komputadori mzere ndi mzere (ngodya ya kumpoto anadya makoswe)
— maphunziro anga a ku Maputo, amene aliyense amawakhulupirira kupatula ine

Kadontho kamodzi kokha. Kangavute chiyani?

Lachiwiri

Chapa, minibasi ya kuno, mpaka Entre Lagos, kenaka njinga. Fumbi m'mano.

Akundilandira ndi Mayi Asiyatu, wapampando wa komiti ya madzi. Akuti pobwerera kuchokera kothawa nkhondo sanapeze nyumba ngakhale imodzi, mudzi anauzindikira ndi mitengo ya mango. Akundionetsa ndowa ya madzi a m'nyanja amene amamwa. Mtundu wake ngati tiyi wa mkaka. Ana ambiri akukodza magazi. "A njinyero, tilembeni bwino," akutero.

A njinyero, ngati ndine injiniya weniweni! Ndikumva manyazi, koma sindikuwakonza.

Pansi pa mango GPS siona kumwamba. Ndikuima pabwalo, dzanja m'mwamba, dzuwa likundiwamba, mudzi wonse ukundiyang'ana. Wina kumbuyo: "Akupemphera?" Wina: "Ayi, akuyesa mvula."

Nambala zatuluka. Che Saidi, msodzi wachikulire, akufunsa kuti kamakinako kakuti tili kuti. Ndikuwawerengera nambala zonse mpaka mapeto. Akugwedeza mutu. "Ife timati tili ku Namsole."

Lachitatu

Ndalowetsa nambala. Kadontho kagwera ku Malawi!

Osati patali. Mapazi mazana awiri kapena atatu kuseri kwa mzere wa malire. Koma ku Malawi.

Ndayesa:
— kulembanso nambala
— kuzimitsa ndi kuyatsa
— kupukuta galasi la komputadori ndi malaya
— kutuluka panja, kubweranso modzidzimutsa

Kadakali ku Malawi.

Ndikukumbukira tsopano. Aphunzitsi athu ananena kuti mapu akale anayesa dziko ndi muyeso wina, GPS imayesa ndi muyeso wina, ndipo ukazisanjika pamodzi osakonza, zonse zimasendera mbali imodzi. Anafunsa ngati pali amene sanamve. Ndinali kumbuyo, sindinamve, sindinakweze dzanja. Zaka zinayi zapita, funso lija landipeza ku Mekanyela.

A chefe asuzumira paphewa panga. "Ngati ali ku Malawi akapemphe mjigo ku Malawi." Aseka, apita kukadya.

Lachinayi

Ndapeza kope langa la kusukulu. Nambala zokonzera zilimo, koma sindinalembe ngati n'zoonjezera kapena zochotsera. Ndani amalemba chonchi? Ine.

Ndaonjezera. Namsole walowa mkati mwenimweni mwa Malawi, watsala pang'ono kufika pamsika.

Ndachotsera. Wabwerera ku Mozambiki! Ndaimirira, mpando wagwa. Ndayang'ananso bwino. Wabwerera, inde, koma ali m'madzi. Apwitikizi anajambula Chiuta chaka cha mvula yambiri, ndipo nyanja imeneyi imatupa ndi kuphwera mmene ikufunira. Pamene anthu akulima chimanga lero, mapu akuti pali ng'ona.

A chefe: "Anthu okhala m'nyanja akufuniranji mjigo?"

Jeradori yatha mafuta nthawi ya khumi koloko. Ndakhala masana onse ndikuyang'ana galasi lakuda. Mukuoneka nkhope ya munthu amene akanakhala mphunzitsi wa pulayimale wabwino ndithu.

Lachisanu

Ndabwerera ku Namsole kukayesanso. Amuna ali kumzikiti, ndapeza amayi okhaokha, ndipo nkhani yandidutsa panjira. Woyendetsa galimoto wa ku ofesi ali ndi mlamu kuno.

Mayi Asiyatu sakukweza mawu. "Tinabwera wapansi, mitolo pamutu, ana kumsana. Inu mwatibweza ku Malawi mutakhala pampando?"

Ndayesa katatu, malo amodzimodzi, osasuntha phazi. Nambala zatuluka mitundu itatu. Kamakinaka kamaphonya mtunda wonga bwalo la mpira, ndinkadziwa, koma sindinaganize kuti bwalo limenelo lingakhale pakati pa mayiko awiri. Pofuna kuyesa kachinayi mabatire afa. Amayi ena akuti ndiwayanike padzuwa. Ndawayanika. Ine, wa ku yunivesite, ndakhala pamkeka ndikudikira mabatire kuti aume.

Insaka, madzulo ofesi isanatseke. Mapu akufunika lero.

Ndachita chinthu. Ndagwira kadontho kaja ndi kukakokera kum'mawa, kumtunda, kutali ndi madzi ndi malire. Pang'ono. Ndaopa kuti wina adzayesa ndi muyeso wina, ndakokanso pang'ono. Ndaganiza za ndowa ija, ndakokanso. Ndani angaone? Obowola akangofika m'deralo afunsa anthu njira, anthu awatengera pabwalo.

Ndasindikiza. A chefe asaina. "Mwaona? Sayansi!"

Loweruka

Obowola ali ndi GPS yawo. Yatsopano. Ya mabatire amoyo.

Safunsa njira kwa munthu.

Tayala la njinga landiphulikira kawiri, ndafika dzuwa litapendeka. Pabwalo la Namsole amayi asesa, aika miyala yozungulira pamene akufuna mjigo. Palibe galimoto. Phokoso likumveka kutali, kum'mawa.

Ndathamanga. Ulendo wa theka la ola kuchokera panyumba yomaliza, m'tchire, pambali pa chulu, makina akubangula. Chitsulo chalowa kale pansi kutalika kwa mitengo ingapo ya bulugama. Ndakuwa kuti aime. Kapitawo wawo wandionetsa pepala langa lomwe, dzina langa lili pansi. "Ife timatsata nambala, a njinyero. Nambala ndi zanu." Akuti sabowola kawiri mudzi umodzi, Lachiwiri akufunika ku Kuwamba.

Ndapemphera kuti apeze mwala, kuti alephere, kuti tiyambirenso. Apeza madzi. Ambiri! Athovokera m'mwamba, anthu amene anatsatira phokoso anyowa onse.

Mayi Asiyatu adikira matope achepe, atunga m'manja, alawa. Ayang'ana njira yobwerera kumudzi, utali wake wonse. Ayang'ana ine.

"Madzi ndi abwino," atero.

Bola akananditukwana.

Lamulungu

Ndagona ku Entre Lagos, m'mawa ndapalasa kupita ku Namsole kukapepesa. Mawu ndinawakonza bwino panjira: miyeso iwiri, mapu akale, kope langa, dzanja langa.

Ndisanafike ndakumana ndi denga likuyenda. Denga lathunthu la udzu, miyendo khumi ndi iwiri pansi pake, likulowera kum'mawa. Kumbuyo kwake lina. Kenaka mbuzi, mtondo, chitseko pamutu pa munthu.

Anthu a m'mudzi anakambirana dzulo atabwerako: asamukira kumene kuli mjigo. Mabanja asanu ndi awiri ayamba lero, ena akakolola. Che Saidi akana, akuti bwato lawo silidziwa kuyenda m'tchire, ndipo manda a bambo awo sanyamulika. Akazi awo anyamula kale miphika. Mudzi umene unabwerera pamodzi kuchokera kothawa nkhondo, ine ndaugawa pakati ndi chala chimodzi.

Ndayamba kupepesa. Mayi Asiyatu sanandilole kufika pa miyeso iwiri. "Nkhondo inatisamutsa, madzi osefukira anatisamutsa, lero ndi inu. Ndinu woyamba kubwera kudzathandiza kunyamula. Gwirani uku."

Ndagwira. Denga limalemera kuposa mmene limaonekera, ndipo ukakhala pansi pake suona kumene ukupita, umangotsata mapazi a mnzako. Phewa lasupuka.

Mawa a chefe atumiza mapu ku Lichinga. Sindikonza kanthu. Anthu akamatha kukolola, mapuwo adzakhala olondola.