Apongozi pa Siteji

Lolemba

Pakhoma la shopu ya a Juma amatapo chipepala: bandi ya ku Lusaka ija ikubwera ku Katete Loweruka masana! Ija ya magitala olira ngati mphepo yalowa m'botolo, nyimbo imodzi kuikoka mpaka mutu kuzungulira. Chaka chonse ndakhala ndikuimvera pa foni, amayi akunena kuti ndi nyimbo za osuta chamba. Tsopano ndiiona ndi maso.

Pulani:
- jinzi yanga yotambalala kumapazi
- tsitsi kulimasula, liime ngati chitsamba
- kutsogolo kwenikweni
- kuvina mpaka nsapato iduke

Wondiletsa, tidana.

Lachiwiri

Ndamuuza Yotamu, amene akuti andikwatira tikakolola. M'malo mosangalala akukanda khosi. Akuti holoyo imatentha. Akuti bwanji tikaonere mpira. Mpira! Munthu uyu akubisa kanthu. Mnzanga Misozi akuti mwina ali ndi kamtsikana kogulitsa matikiti.

Lachitatu

Bola kukanakhala kamtsikana.

Pansi pa chipepalacho pali tizilembo ting'onoting'ono: oyamba kuimba ndi madala atatu a ku Sinda. Mmodzi mwa madalawo ndi bambo ake a Yotamu. APONGOZI ANGA. Munthu wolima soya, wa jekete la kutchalitchi, amene ndikakumana nawo panjira ndimapatukira m'maudzu n'kugwada. Kani ali mnyamata ankaimba gitala ku migodi, ndipo gitalayo yagona pansi pa bedi zaka zonsezi. Yotamu akuti amachita manyazi kundiuza. Manyazi akewo andithandiza chiyani ine?

Lachinayi

Nkhani yafika kwa azakhali anga. Abwera ndi malamulo:
- chitenje mpaka m'akakolo
- duku
- osayang'ana apongozi kumaso
- osagwedeza chiuno iwo ali pomwepo, ngakhale phewa

Ndafunsa: munthu ali pa siteji, magetsi onse ali pa iye, ine ndiyang'ane kuti? "Pansi pali malo ambiri, mwanawe."

Lachisanu

Pulani yatsopano. Jinzi mkati, chitenje pamwamba. Madala aimba tinyimbo tawo, mawondo awawa, athamangira minibasi ya ku Sinda kusanade. Akangotuluka, chitenje m'chikwama, ine kutsogolo. Ku sekondale sindinapite kukasewera.

Loweruka

Holo yadzaza. Ndili pakona, chitenje, duku, maso pa simenti. Madala ayamba. Ndikumva gitala ikulira ngati mwana wolumidwa ndi mavu, kenaka ikunong'ona, kenaka ikubangula. Misozi akundigwedeza kuti ndi apongozi amenewo, akuimba gitala ndi mano. NDI MANO. Ine ndikuwerenga zala za kumapazi za anthu.

Atha. Ndayamba kumasula chitenje. Bandi yanga yakwera: malaya a maluwa, utsi wofiirira, magetsi ozungulira pakhoma ngati mafuta pamadzi. Ndafika kutsogolo, jinzi poyera, tsitsi mmwamba.

Woimba wamkulu wagwira maiki. Akuti bambo ake ankamuuza za mdala wa gitala uja, ndiye sangalole apite. Aimbe nawo mpaka mapeto.

Apongozi atulukanso kuseri kwa nsalu. Maso awo, maso anga, jinzi.

Nawonso mwambo amaudziwa. Atembenuka msangamsanga, apereka msana, akuimba akuyang'ana khoma. A ku Lusaka akuyesa ndi sitailo, nawo atembenuka. Bandi yonse misana! Anthu ayamba kukuwa kuti analipira kudzaona nkhope. Mayi wina wa ku Sinda, wodziwa nkhani, akuloza ine ndi mlomo. Holo yonse yatembenukira kwa ine. Ndipo Misozi, Misozi amene ndinamubwereka mafuta a tsitsi, akuti: "Iwe tuluka, akulu apume."

Ndatuluka. Ndili panja ndi amayi ogulitsa chimanga chootcha. Khoma likunjenjemera kumsana kwanga. Nyimbo yanga ya pamtima ndaimva kudzera pa windo la chimbudzi. Chondipweteka kwambiri n'chakuti mdalayo amatha. Amatha zoopsa.

Yotamu ali mkati, akuvina. Ndamuona mutu.

Osakhululukidwa: Yotamu. Misozi. Mayi wa mlomo. Amene anakonza gitala ija.

Lamlungu

Makutu akulirabe, ngakhale ndinali panja.

Azakhali abwera akumwetulira. Akuti uthenga wafika kuchokera ku Sinda: mtsikanayu ndi waulemu, anatuluka kupatsa akulu malo. Za jinzi apongozi akuti sanaone kanthu, anali kuyang'ana khoma.

Pali zinanso. A ku Lusaka akondwa kwambiri ndi apongozi, moti alonjeza kudzaimba pa ukwati wathu, ulere. Bandi yonse, ndi utsi womwe. Mudzi wonse udzavina.

Ndafunsa azakhali kuti mkwatibwi amakhala pati. Akuti kutsogolo kwenikweni. Pa mpando, manja pamiyendo, osaseka, mutu pansi.

Chabwino.