Mapiritsi Anayi ndi Msoti wa Chinkhoswe

Amene akunena kuti ine ndinasanza m'minibasi ya ku Dwangwa aimirire pompano, andiyang'ane m'maso. Palibe? Eya, mumalimba mtima kuseri basi, anthu oti mukangoona bwato pachithunzi mutu wayamba kale kuzungulira.

Ine ndakulira pamadzi, inu. Tsiku lina mwera unandinyamula pakamwa pa dziwe la Chia ndi bwato langa lomwe, n'kundiponya m'mwamba mpaka ndinaona amayi a ku Mozambiki akuyanika chinangwa, ndipo potsika ndinadutsa mumtambo wa nkhungu n'kumeza zodzaza dengu, bwato likuzungulira ngati nguli, koma ine phee, ndikusoka ukonde, fodya osazima. Mukumva? Nseru ndinkangoimvera kwa anzanga.

Galimoto ndi nkhani ina, sindibisa. Si kuti ndimaiopa ayi, ndi iyoyo imene ilibe ulemu. Funde limayamba lakuchenjeza, koma dzenje la mumsewu limangokudzidzimutsa m'mimba.

Ndiye Esinati, mwana wa mchemwali wanga, anapeza mwamuna wodula nzimbe ku Dwangwa, kumene amayi ake amakhala. Nkhoswe ndani? Ine, malume ake. Msoti woti tikasinthane ndi tambala wa akuchimuna ndinauweta ndekha, ndipo popanda ine ndi msotiwo panalibe chinkhoswe. Esinatiyo anandiimbira foni: "Malume, chonde musandichititse manyazi. Teni koloko mukhale mutafika."

Basitu mudzi wonse unasanduka madokotala. Uyu akuti luma ndimu, uyo akuti tafuna tangawizi, wina akuti khalira nyuzipepala, mkazi wanga akuti ndiike kamtengo ka machesi mkamwa ngati ndine mbaula. Ine ndinapita kuboma, ku sitolo ya mankhwala. Mtsikana wovala zoyera anatulutsa mitundu iwiri ya mapiritsi oletsa kusanza.

"Agogo, awa ndi ofatsa. Awa ndi amphamvu koma amagonetsa kwambiri. Pa msinkhu wanuwu tengani ofatsawa. Limodzi lokha, kutatsala ola kuti munyamuke, ndipo mukakhale kutsogolo muziyang'ana kutali."

Ofatsa! Ine? Munthu amene ndinakoka mvuu ndi mbedza ya mpasa? Mwana wa dzulodzuloyu, woti nyanja amaionera pawindo la basi, andiphunzitse za chizungulire? Ndinatenga amphamvuwo. Ndipo zoti limodzi n'za anthu a muofesi. Bwato lalikulu timalipalasa anthu anayi, ndiye thupi ngati langali piritsi limodzi lingalipalase bwanji? Za ola lija ndinazisiya pomwepo. M'mawa mwake ndinadya kondowole wanga ndi usipa, ndipo anayi onse ndinawameza phazi lili kale pakhomo la minibasi. Mpando wakutsogolo anakhalapo mayi wina, ine anandipanikiza kumbuyo ndi thumba la mpunga, msoti uli pamiyendo.

Boma ndinaliona. Siteji ya Liwaladzi ndinangoimva m'maloto. Abale inu, ndinagona tulo toti mkonono wanga ndi umene unkakankha minibasi pazitunda mpaka dalaivala anazimitsa injini, tayala litaphulika anandigoneka pansi m'malo mwa jeke ine osatembenuka n'komwe, galimoto inapita kumpoto n'kubwerera maulendo osawerengeka anthu akundikhalira ngati mpando, msoti uja unaikira mazira m'chipewa changa, n'kufungatira, n'kuswa anapiye khumi amene anakula mpaka kuyamba kulira m'mawa, koma ine osamva kanthu. Mukumva? Pali malemu bambo anga, sindikuwonjezera!

Inu mukuseka kumbuyoko, mukuti zinali za tsiku limodzi lokha? Chabwino, wotchi munali nayo ndinu. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinadzuka kondakitala akundithira madzi ku Nkhata Bay, dzuwa litapendeka, pamiyendo palibe kanthu. Akuti pa siteji ya Dwangwa mchemwali wanga anandigwedeza, anandimenya mbama, ine osaphethira. Kenaka anayang'ana jekete langa, anatenga msoti kudzera pawindo, n'kuuza dalaivala kuti, "Apitirire awa."

Chinkhoswe anachiyendetsa mng'ono wanga Layisoni. Layisoni! Munthu woti amachita chizungulire pa wilibala, amene anabwera mwaulemu wake atamwa kapiritsi kamodzi kofatsa kaja. Esinati sanandiimbirenso foni chiyambire tsiku limenelo, ndipo mwana wake woyamba anamutcha Layisoni. Zimenezo zimandiwawa, sindinama, chifukwa Esinatiyo ali mwana ndinamubereka kumsana ndine.

Koma kusanza ndiye ayi, ndikukana mpaka kumanda. Zimene anthu anaona pa jekete langa zija zinali za msoti. Nkhuku za ku Chia sizinazolowere galimoto. Ndipo musandifunse kuti kondowole ndi usipa zinapezekamo bwanji. Nkhuku yanga imadya zimene ndadya mwini wake.