Apu Yandipezera Chipinda

Lolemba

Bwana Gondwe, eni ake a apu yathu yogulitsirana katundu, alowa ndi nkhope ya maliro. Akuti batani la "Sungani zomwe mukusaka" palibe akulidina. Ndilikonze ine pofika Lachisanu, poti yunivesite ikutsegulira ndipo ana asukulu akhamukira ku Luwinga kusaka zipinda. Akuti "kampani yonse ikudalira iwe." Kampani yake iti? Tebulo limodzi kuseri kwa shopu ya matayala!

Pulani yanga:
- batani likule ngati chikwangwani cha sing'anga
- munthu alembe kamodzi chomwe akufuna
- chikapezeka, foni ilire

Poyesa ndikulemba m'dzina langa: "Chipinda ku Luwinga, madzi osavuta, kopanda nkhuku, alandilodi osalowerera za eni." Kusamuka sindikufuna ayi. Chipinda changa kwa Amama NyaMhango sichidontha, chili pafupi ndi siteji, ndipo mwezi uno chotere sungachipeze ngakhale utasala kudya. Koma tambala wawo ndimadana naye.

Lachiwiri

Ndikuwerenga zomwe anthu ochepa amene analidina anasunga kale. Mutu ukuwawa.
- "Monire mose, ndikufuna firiji."
- "Chipinda cha mwana wanga wamkazi, ndi waulemu, amaimba kwaya."
- "Muli bwanji?" Basi, osawonjezera kanthu.

Anthu akupereka moni kwa kabokosi kolembamo zosaka! Wina wabweranso mawa lake kudzathokoza. Zaka zonse zija ndinakhala m'kalasi kuti ndizikonzera batani anthu olonjera makina?

Lachitatu

Bwana abwera ndi nzeru zatsopano, azitola ku msonkhano wa kumpingo. "Kuno munthu sapereka kiyi kwa mlendo wosadziwika kwawo." Ndiye akuti aliyense akasunga zosaka zake, uthenga uzipita kwa alandilodi onse a dera limenelo: dzina, chithunzi, mudzi, mpingo, ndi mawu ake onse mmene wawalembera.

Ndikuti uku n'kuvula anthu pamsika. Iwo: "Achimwene, kuno si ku Limbe."

Chabwino. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma mutu wake ndi wawo. Ndikupanga zomwe anena, mlomo uli ndwii. Batani lofufutira zomwe munthu wasunga ndaliika pa ntchito za sabata yamawa.

Lachinayi

Tatulutsa! Mafoni akulira Luwinga yense, mpaka ku Katoto. Alandilodi akuimba kufunsa, "Mtsikana wa kwayayu ndi mwana wa Nyirenda wake uti?" Bwana akuyenda chodzikweza ngati atulukira magetsi.

Madzulo ndikupereka moni kwa Amama NyaMhango. Akuyankha akuyang'ana tambala. Ndikufika pakhonde, ndikuvula nsapato imodzi, kenaka mtima ukuti phaa! Mwana wawo wamkazi anawalembetsa pa apu chaka chatha. Ndinamuthandiza ndine. Ndiye kuti zoyesa zanga za Lolemba zija zawafika.

Mayo ine.

Lachisanu

Ndikufuna kufufuta. Batani lofufutira kulibe. Amene sanalipange ndi chitsiru, ndipo ndikumudziwa.

Pampopi pali msonkhano. Amama akuwerengera anzawo uthenga wanga mokweza, magalasi ali pamphuno, chithunzi changa chikuyenda dzanja ndi dzanja. "Osalowerera za eni! Ine amene ndinamuphikira phala atadwala malungo!"

Ndikufotokoza kuti kunali kungoyesa makina. Amama akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Yewo chomene, adada. Munthu akafuna kuchoka amagogoda pakhomo n'kutsanzika. Satuma foni."

Azimayi onse akugwedeza mitu. Ndachita manyazi, osanama.

Loweruka

Ndagula shuga ndi buledi, ndikupita kukapepesa nditagwira chipewa m'manja. Alandira ndi manja awiri, andidalitsa, andifunsa za makolo ku Zomba. Ndikuti zatheka!

Sindinamalize n'komwe kumwetulira, kalipentala walowa m'chipinda mwanga ndi tepi. Akuyeza khoma. Akuti mabedi osanjikiza alowa awiri bwinobwino. Pambuyo pake pali anyamata a chaka choyamba ndi makolo awo, akusuzumira pawindo, wina akufunsa ngati shelefu ndiisiya.

Bwana akuimba foni, chimwemwe chokhachokha. Akuti mayi wina wa ku Luwinga waika chipinda pa apu atangolandira uthenga wathu. "Waona? Ndimawadziwa anthu anga!" Akuti andiganizira.

Masana kukumveka fungo la nkhuku. Amama aphera alendo awo tambala uja. Ine sanandiitane.

Lamulungu

Ndikutuluka m'tchalitchi, foni ikulira kalilidwe kaja ndinasankha ndekha. "Tapeza chipinda chogwirizana ndi zomwe mukusaka!"

Ndikutsegula. Chitseko changa. Thaulo langa pachingwe. Nsapato yanga ya Lachinayi ija pakhonde. Pansi pake alemba: "Madzi osavuta. Nkhuku palibe. Alandilodi salowerera za eni. Amene alimo akutuluka mwezi ukatha."

Zonse zinayi n'zoona. Apu ikugwira ntchito bwino kwambiri, ndipo palibe amene angandinene kuti sindidziwa ntchito yanga.

Ndakhala pa bedi, makatoni awiri ndapempha kale ku golosale. Ndikudina batani langa lalikulu lija, kabokosi katseguka. Ndikuganiza za alandilodi onse amene awerenge, magalasi ali pamphuno.

Ndikuyamba kulemba: "Monire mose. Ndine mnyamata waulemu, nkhuku ndimazikonda."